Fizikisi ikakana kulowa: fufuzani pamene malikisi akutayikira

Chaka ndi chaka mayeso a mock akangotuluka, pakhomo la ofesi pamaima ana a Fomu 4 atagwira mapepala awo, ndipo dandaulo lake limakhala limodzimodzi: "Aphunzitsi, kuwerenga ndimawerenga, koma fizikisi siikulowa. Kaya mutu wanga ndi wouma." Ndikatenga pepalalo n'kulitsata mzere ndi mzere, mutu woumawo sindiupeza. Chimene ndimapeza ndi malo amodzi kapena awiri pamene malikisi akutayikira, ndipo malo ake ndi omwewo amene anavutitsa a chaka chatha.

Mukapita ndi njinga kwa makaniko wa pamsika, iye amayamba wafunsa kuti ikuchita bwanji: tcheni chikugwa, kapena mabuleki sakugwira? Nanunso yambani choncho. Tengani mapepala atatu omaliza amene aphunzitsi anachonga, muone paliponse pamene munaluza malikisi, ndipo mufunse kuti cholakwikacho chikufanana ndi chizindikiro chiti mwa zili m'munsimu. Pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chifukwa chimene ndimakumana nacho kawirikawiri, n'kumatsika mpaka chosowa. Pa MSCE kuchoka pa 7 kufika pa 6 ndiko kuchoka pa pass kufika pa credit, ndipo kwa amene akufuna uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, kapena zachipatala ku KUHeS, kasitepe kameneko n'kofunika. Nthawi zambiri kamabisala m'zinthu zazing'ono zokonzeka pa masabata ochepa.

## Chizindikiro 1: M'kalasi ndimamva, koma funso likabwera ndimangoliyang'ana

1. Mumawerenga fizikisi m'malo moichita. Ichi ndiye chifukwa chachikulu, ndipo chimanyenga. Mukamayang'ana chitsanzo chimene aphunzitsi anasova kale, sitepe iliyonse imaoneka yomveka, mtima n'kukhala m'malo. Koma kuonerera mnzanu akupalasa njinga sikukuphunzitsani kupalasa.

- Yesani: tsekani kope, lembani funso la chitsanzocho papepala lina, mulisove nokha. Ngati mwaima pa sitepe yachiwiri, vuto lanu ndi limeneli.
- Konzani: pa ola lililonse la fizikisi, mphindi 15 zikhale zowerenga, zotsalazo pensulo ili m'manja. Mukakakamira, suzumirani sitepe imodzi yokha, mutsekenso.

2. Simujambula. Ana ambiri amathamangira kusaka fomula asanaone n'komwe chimene chikuchitika. Funso la mphamvu, la kuwala, la magetsi, la moments, lonse limafuna chithunzi, ngakhale chokhotakhota. Jambulani chinthucho, ikani mivi ya mphamvu zonse zimene zikuchikankha kapena kuchikoka, lembani manambala pamalo pake. Kenako pambali lembani zimene mwapatsidwa ndi chimene akufuna. Tiyerekeze kuti minibasi ikuthamanga 20 m/s ndipo yaima patatha masekondi 5. Mukalemba u (liwiro loyambira) = 20, v (liwiro lomaliza) = 0, t (nthawi) = 5, a (acceleration) = ?, fomula yoyenera imaonekera yokha, chifukwa ndi imodzi imene ili ndi zilembo zinayizo: v = u + at. Yankho ndi −4 m/s².

3. Manambala ena abisika m'mawu a Chingerezi. Funso silinena kuti u = 0. Limati "from rest". Silinena kuti v = 0, limati "comes to a stop" kapena "maximum height". "Constant velocity" akutanthauza kuti acceleration ndi ziro ndipo mphamvu zonse zikulingana. "Smooth surface" ndiye kuti friction muiiwale. Tsegulani tsamba lomaliza la kope lanu, muzilembapo mawu oterewa nthawi iliyonse mukakumana nawo. Sapitirira makumi awiri, koma amabwera chaka chilichonse.

4. Munaloweza fomula osadziwa pamene imagwira ntchito. Speed = distance ÷ time imathandiza pamene liwiro silikusintha, kapena pofuna liwiro lapakatikati. Mwala umene ukugwa liwiro lake likukwera sekondi iliyonse, ndiye fomula imeneyo singakuuzeni liwiro lomwe wafika nalo pansi. Pafupi ndi fomula iliyonse lembani chiganizo chimodzi m'Chichewa chonena nthawi yoigwiritsa ntchito ndi nthawi imene imakana.

## Chizindikiro 2: Njira ndinaitsata bwino, koma yankho linatuluka lolakwika

Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri pochonga, chifukwa mwanayo fizikisi akuidziwa.

1. Mayunitsi. Palibe chimene chimadya malikisi ngati ichi. Musanaike nambala iliyonse mu fomula, isintheni ikhale mu mamita, makilogalamu ndi masekondi.

- km/h kupita ku m/s: gawani ndi 3.6. Minibasi ya 72 km/h ikuyenda 20 m/s. Kabaza wa 18 km/h akuyenda 5 m/s.
- Magalamu kupita ku makilogalamu: gawani ndi 1,000.
- Mphindi ndi maola zikhale masekondi pofuna majoule ndi mawati.
- cm² kupita ku m²: gawani ndi 10,000, osati 100. Jambulani bwalo la makona anayi la mita imodzi mbali zonse pansi pabwalo la sukulu: ndi masentimita 100 kuchulukitsa ndi 100. Mukaliona kamodzi simudzaiwalanso.
- cm³ kupita ku m³: gawani ndi 1,000,000.
- Malamulo a gasi amafuna kelvin. 27°C ndi 300 K. Mukatenthetsa mpweya kuchoka pa 27°C kufika pa 54°C simunauwirikize kawiri, mwangochoka pa 300 K kufika pa 327 K.

2. Kutembenuza fomula. Vuto ili ndi la masamu, ndipo kuwerenga fizikisi yambiri sikulithetsa. Yesani izi tsopano: kuchokera pa v² = u² + 2as, tulutsani s. Kuchokera pa P = I²R, tulutsani I. Ngati zakutengerani kuposa mphindi imodzi, siyani kaye fizikisi masiku atatu mubwereze kusintha subject ya fomula m'buku la masamu. Katrayango kaja kokumbukirira V = IR kamathandiza pa fomula za zilembo zitatu zochulukitsana basi. Pakangobwera chophatikiza kapena sikweya, kamakusocheretsani. Njira yodziyesera ndi kuika manambala aang'ono: ngati 6 = 2 × 3, ndiye 2 = 6 ÷ 3. Fomula yanu yotembenuzidwayo ikakana manambala amenewa, yalakwika.

3. Kalikuleta. Mtsikana wina wakhama kwambiri ankalakwa funso lililonse la refraction (kupindika kwa kuwala) teremu yonse, chonsecho lamulo la Snell ankalinena osaphonya. Tsiku lina ndinakhala pambali pake n'kumuuza kuti asove ndikuona. Analemba zonse molondola, n'kudina sin 30, ndipo kalikuleta inamupatsa −0.988. Iye anangokopera. Pamwamba pa galasi panali kachilembo kakang'ono ka R: wina anaibwereka n'kuisiya pa maradiani. Tinaibweza pa D ya madigiri, ndipo mafunso onse aja anakhoza madzulo omwewo.

- Musanayambe mayeso alionse dinani sin 30. Ikuyenera kupereka 0.5.
- Zonse zimene zili pansi pa mzere wogawira zitsekereni m'mabulaketi. 12 ÷ 2 × 3 imapereka 18, pamene 12 ÷ (2 × 3) imapereka 2.
- Polemba liwiro la kuwala, 3 × 10⁸ m/s, dinani 3, kenako batani la EXP kapena ×10ˣ, kenako 8. Mukadina 3 × 10 kenako EXP 8, mwawonjezera ziro wina.
- Yesererani pa kalikuleta yomweyo imene mudzalowe nayo m'mayeso. Ya pafoni mabatani ake ndi ena, ndipo foni siloledwa m'chipinda cha mayeso.

4. Kuiwala sitepe yomaliza. Ma resistor a 6 Ω ndi 3 Ω ali mu parallel: 1/R = 1/6 + 1/3 = 1/2. Ambiri amalemba 0.5 Ω n'kupita. Yankho ndi 2 Ω, chifukwa chimene mwapeza ndi 1/R. Podziyesa, kumbukirani kuti ma resistor awiri mu parallel amapereka nambala yochepera wamng'onoyo koma yosatsika kupitirira theka lake. Apa iyenera kukhala pakati pa 1.5 ndi 3. Chimodzimodzi ndi v²: musaiwale square root.

5. Kudula manambala msanga. Sungani manambala onse m'kalikuleta mpaka kumapeto, mudule pa yankho lomaliza lokha.

Mukapeza yankho, lifunseni ngati lingachitike pa dziko lino. Ketulo ya 2,000 W yotenthetsa madzi a 1.5 kg kuchoka pa 25°C kufika pa 100°C imafuna 1.5 × 4,200 × 75, omwe ndi majoule 472,500, ndipo imatenga masekondi pafupifupi 236, kapena kuti mphindi zinayi. Aliyense amene anadikirapo ketulo akudziwa kuti n'zoona. Mukapeza masekondi 0.2 kapena maola 60, musapitirire, bwererani ku mayunitsi.

## Chizindikiro 3: Ndimasokoneza zinthu zooneka ngati zofanana

1. Liwu limodzi lathu likunyamula zinthu zingapo za fizikisi. Ndikhalitsapo apa chifukwa mabuku sanena zimenezi. Timaganiza m'Chichewa, ndipo palibe cholakwika, koma tiyenera kudziwa pamene mawu athu a tsiku ndi tsiku amaphatikiza zimene fizikisi imalekanitsa.

Tengani liwu loti mphamvu. Munthu wokankha ngolo timati ali ndi mphamvu, nsima imapatsa mphamvu, injini ya chigayo ili ndi mphamvu, batire latha mphamvu. Fizikisi ili ndi zinthu zitatu zosiyana pamenepa. Force ndi kukankha kapena kukoka, timayeza mu manewton. Energy ndi chimene chimasinthika kapena kusamuka ntchito ikamagwirika, timayeza mu majoule. Power ndi changu chimene ntchitoyo ikugwirikira, majoule pa sekondi, ndiwo mawati. Atsikana awiri asenza ndowa za malita 20 kukwera chitunda cha mamita 3. Ndowa iliyonse ikukokedwa pansi ndi 200 N. Aliyense wagwira ntchito ya majoule 600 pa ndowayo. Koma woyamba wakwera pa masekondi 10, ndiye power yake ndi 60 W, pamene wachiwiri watenga masekondi 30, yake ndi 20 W. Ntchito ndi imodzi, changu n'chosiyana. Mayunitsi amene timagula a ESCOM ndi energy: yuniti imodzi ndi kilowatt-hour, ndipo ketulo ya 2 kW ija ikayaka theka la ola yadya yuniti imodzi.

Liwu loti kulemera nalonso lanyamula zitatu. Thumba la chimanga la 50 kg, mass yake ndi 50 kg kulikonse, ngakhale kumwezi. Weight yake ndi mphamvu imene dziko likulikokera, 500 N tikatenga g kukhala 10 N/kg, ndipo kumwezi ingatsike kufika pafupifupi 80 N. Tikamati chitsulo n'cholemera kuposa thonje, kwenikweni tikunena density.

Kutentha nako kuli pawiri. Kamoto kothetheka pa mbaula temperature yake ndi yokwera kwambiri kuposa ya madzi osamba, koma kakakugwerani pamkono simupsa kwenikweni, chifukwa heat imene kanyamula ndi yochepa. M'mawa wa mu June khasu limazizira kuposa mpini wake, chonsecho zagona malo amodzi ndipo temperature yake ndi imodzi. Chitsulo chimangolanda kutentha kwa dzanja lanu mofulumira kuposa mtengo.

- Konzani: pa liwu lililonse lotere lembani yuniti yake pambali. Mukaona N, J kapena W, mwadziwa kale kuti ndi mphamvu iti.

2. Zimene maso anazolowera zikutsutsana ndi lamulo. Ambiri mumtima amakhulupirirabe kuti cholemera chimagwa msanga. Gwetsani buku ndi pepala padera: buku lifika msanga. Tsopano ikani pepalalo pamwamba pa buku, lisatulukire m'mbali, mugwetsenso. Zifika pamodzi, chifukwa buku latchinga mpweya. M'chaka cha 1971 David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga ali pamwezi, pomwe palibe mpweya, ndipo zinafika pansi nthawi imodzi. Minibasi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi palibe chimene chimakukankhirani kutsogolo: galimoto ndiyo yaima, thupi lanu likupitiriza ulendo, monga likunenera lamulo loyamba la Newton.

3. Lamulo lachitatu la Newton mwalimva theka. Ngati ng'ombe ikukoka ngolo ndipo ngolo ikukoka ng'ombe mofanana, zikuyenda bwanji? Mphamvu ziwirizo zili pa zinthu ziwiri zosiyana, choncho sizingafafanizane. Jambulani ngolo payokha, muike mivi ya mphamvu zimene zili pa ngolo yokhayo, funsolo litha.

## Chizindikiro 4: Pa practical ya magetsi babu silikuyaka, kapena mita ikuchita zachilendo

Zimitsani pa switchi kaye kuti magetsi asayende, kenako fufuzani motsatana chonchi:

1. Polumikiza sipanagwire. Waya wamasuka, kapena chopanira chaluma pulasitiki m'malo mwa waya weniweni, kapena pali dzimbiri. Tsatani ndi chala kuchoka ku + ya batire, kudutsa chilichonse, mpaka kubwerera ku −. Palani nsonga za waya ziwale.
2. Mabatire atembenuzana kapena atha. Mu series, + ya limodzi ikhudze − ya linzake. Yezani lililonse ndi voltmeter: latsopano limapereka pafupifupi 1.5 V.
3. Mita yalumikizidwa molakwika. Ammeter imakhala mu series, mumzere momwe karenti ikudutsa. Voltmeter imakhala mu parallel, kukumbatira chinthu chimene mukuyeza. Mukaika voltmeter mu series babu silingayake, chifukwa resistance ya voltmeter ndi yaikulu kwambiri. Mukaika ammeter mu parallel ndi batire, muvi umamenya kumapeto ndipo mita ikhoza kupsa.
4. Muvi ukubwerera m'mbuyo. Mwasinthanitsa mawaya. Chofiira cha mita chiyang'ane ku + ya batire.
5. Babu lapsa. Liyang'aneni pa kuwala muone ngati kawaya ka m'kati kaduka, kapena liyeseni palokha ndi batire limodzi.

Ngati manambala akusintha pang'onopang'ono inu osakhudza kanthu, waya ukutentha ndipo resistance yake ikukwera, kapena batire likufooka. Yatsani powerenga pokha, mukalemba muzimitse. Waya kapena batire zikatentha moti simungazigwire, pali short circuit: chotsani batire msanga, muitane aphunzitsi.

## Chizindikiro 5: Manambala a practical akubalalika ndipo galafu siikuoneka bwino

1. Mukuyeza kamodzi, kapena mukuyeza chinthu chaching'ono kwambiri. Chala cha munthu chimachedwa kudina sitopuwotchi ndi kagawo ka sekondi. Pa pendulamu musayeze kugwedezeka kumodzi. Yezani 20, mugawe ndi 20, ndipo mubwereze kawiri. Kugwedezeka kumodzi ndi kupita ndi kubwerera, osati kupita kokha. Poyamba kuwerenga nenani "ziro", osati "wanu". Pendulamu ya mita imodzi imatenga pafupifupi masekondi 2. Mukapeza 1, mukuwerenga theka. Utali muyeze kuchokera pomwe ulusi wamangidwa kufika pakati pa kamwala, ndipo musakakokere kutali kwambiri poyambitsa.

2. Diso lili pambali. Powerenga rula, themometa kapena measuring cylinder, diso likhale molunjika ndi pamene mukuwerengapo. Pa madzi werengani pansi pa kukhota kwake. Onaninso ngati chida chikuyambira pa ziro musanayeze. Rula yodyeka kunsonga muyambire pa 1 cm, muchotsere pambuyo.

3. Sikelo ya galafu ndi yovuta. Sankhani kuti bokosi liimire 1, 2, 5 kapena 10, osati 3 kapena 7. Madontho adzaze kuposa theka la pepala. Mbali zonse ziwiri zilembedwe dzina ndi yuniti. Musalumikize dontho ndi dontho ngati njira ya nyerere: kokani mzere umodzi wowongoka wodutsa pakati pawo, ena atsale pamwamba ena pansi. Pofuna gradient jambulani trayango yaikulu pamzerewo, osati pa madontho a m'tebulo.

4. Chida chawonongeka. Sipuling'i imene inakokedwa mopitirira siibwereranso pomwe inali, ndipo lamulo la Hooke siligwiranso pa iyo. Nenani kuti akupatseni ina.

5. Manambala anu ndi olondola, koma mukuwaopa. Ku Lilongwe, komwe kuli pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi amawira cha pa 96 kapena 97°C, ndipo ku Dedza amawira pa nambala yotsikirapo, chifukwa kumtunda mpweya supanikiza kwambiri. Ndaona ana akuwerenga 96 pa themometa n'kulemba 100 poopa kulakwa. Lembani chimene mwaona. Dontho limodzi likathawa patali ndi anzake, bwerezani muyeso umenewo, musalisunthe ndi labala.

Ngati sukulu yanu ilibe labu, musadikire sabata ya mayeso kuti mugwire chida koyamba. Pendulamu ndi ulusi ndi kamwala. Moments ndi rula yoikidwa pa pensulo, ndi makobidi ofanana mbali zonse. Refraction ndi supuni m'tambula ya madzi. Za ammeter ndi voltmeter zokha ndi zimene muyenera kupempha aphunzitsi kuti akonze ulendo wa ku sukulu yapafupi imene ili nazo, ndipo pempholo lipite kumayambiriro kwa Fomu 4.

## Chizindikiro 6: Ndimalemba zambiri pa mafunso ofotokoza, malikisi n'kukhala ochepa

1. Simunayankhe liwu lolamula. "State" akufuna chiganizo chimodzi. "Explain" akufuna chifukwa, ndiye yankho lanu likhale ndi "because". "Describe an experiment" akufuna zida, chithunzi cholembedwa maina, masitepe motsatana, zoyeza, ndi chimene zotsatira zikusonyeza.
2. Mwasiya mbali ya lamulo. Lamulo la Ohm popanda kunena kuti temperature isasinthe ndi loperewera. La Hooke popanda kutchula malire a kukokeka kwa sipuling'i ndi chimodzimodzi.
3. Simunaonetse njira. Lembani fomula, ikani manambala, kenako yankho ndi yuniti yake. Yankho lomaliza likalakwika, njirayo imakupezetsanibe kanthu.

Yang'anani malikisi ali pambali pa funso. Akakhala atatu, mfundo zikhale zitatu zosiyana.

## Chizindikiro 7: Za Fomu 3 zonse zauluka, ndipo m'mayeso nthawi imandithera

Kuiwala kumabwera chifukwa chowerenga mutu umodzi kamodzi n'kuusiya chaka chathunthu. Tsiku lililonse sovani mafunso awiri a mutu wakale musanayambe watsopano, ndipo muzisakaniza: limodzi la magetsi, lina la mafunde. Kuchezera usiku wonse mapazi ali m'madzi kumangokutopetsani, mawa lake manambala amasokonekera. Za nthawi, mankhwala ake ndi mapepala akale a MANEB olembedwa wotchi ili patebulo, buku lili kutali. Funso likakukanikani mphindi zitatu, lisiyireni malo mupite kwina.

Wina akakuuzani kuti ali ndi likasa, musamupatse ndalama kapena khutu. M'chaka cha 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso kumayambiriro kwa 2021.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

Pitani kwa aphunzitsi ngati mwayesa zokonza za chizindikiro chimodzi kwa masabata awiri osasintha kanthu, kapena ngati buku ndi notsi zanu zikutsutsana. Musapite ndi mawu oti "sindikumva fizikisi", chifukwa mphunzitsi sadziwa poyambira. Pitani ndi funso limodzi, ndi pepala losonyeza pomwe mwafika, munene kuti, "Aphunzitsi, ndafika apa, sitepe yotsatira ndi imene yandikanika." Ngati vuto ndi kutembenuza fomula kapena standard form, aphunzitsi a masamu ndiwo oyenera.

Pitani kuchipatala ngati zolemba za pabolodi zimaoneka mwachimbuuzi kapena mutu umapweteka mukawerenga. Mnyamata wina wokhala kumbuyo ankakopera 10³ paliponse pomwe ndinalemba 10⁻³, ndipo ndinkamudzudzula kuti ndi wosasamala. Kachizindikiro kakang'onoko sankakaona n'komwe. Atayezetsa maso n'kupeza magalasi, vutolo linatha. Pitaninso, kapena uzani kholo kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira, ngati nkhawa ya mayeso yakulandani tulo ndi chilakolako cha chakudya kwa masiku ambiri, makamaka ngati mwayamba kuganiza zodzivulaza. Zimenezo musazisunge nokha ngakhale tsiku limodzi.

Izi musaziyese nokha, ngakhale mutamvetsa bwanji mutuwo:

- Magetsi a m'nyumba. Ndi 230 V ndipo amapha. Kudziwa kuti ketulo ya 2,000 W imakoka pafupifupi 8.7 A ndipo imafuna fyuzi ya 13 A n'kokhozera mayeso, sikukusandutsani wamagetsi. Soketi yothetheka, fungo la waya wopsa, kapena fyuzi yomangopsa mobwerezabwereza, zimitsani pa main switch muitane wamagetsi wachilolezo. Musaike waya kapena pepala la siliva m'malo mwa fyuzi.
- Waya wa ESCOM wogwa pansi kapena thiransifoma. Khalani patali, letsani ana, dziwitsani a ESCOM.
- Batire la galimoto kapena la sola. Ndi 12 V yokha, koma mukalumikiza mbali zake ziwiri ndi waya kapena sipanala limatulutsa karenti yokwanira kufiiritsa chitsulo, ndipo lili ndi asidi. Batire la foni musaliboole kapena kulitenthetsa. Poyeserera kunyumba gwiritsani ntchito mabatire a tochi okha.
- Dzuwa. Musaliyang'ane kudzera mu lenzi kapena galasi lililonse, ndipo kuwala kwa laser musakulozetse m'maso mwa munthu.
- Themometa ya mercury ikasweka, musatole timadontho take ndi manja ndipo musasese. Tsegulani mawindo, tulukani, muuze aphunzitsi.

Munthu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja. Zimitsani pa main switch. Ngati ndi magetsi a m'nyumba ndipo switchi ili patali, imani pouma mumukankhe ndi mtengo wouma kapena mpando wapulasitiki kuti asiyane ndi wayayo. Mupite naye kuchipatala ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, chifukwa magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuwotcha m'kati mwa thupi, pakhungu osaoneka kanthu.